Mwana akukonzekera mayeso a kaganizidwe olowera ku yunivesite: ayambire pati?

Nachisale, Manchester:
Moni nonse a pa gulu lino. Mwana wanga wamkazi ali mu Year 12, chaka choyamba cha A Level, ndipo mtima wake uli pa kosi ya Philosophy, Politics and Economics (PPE) ku Oxford, komanso akuganizirako za kosi ina ku yunivesite ya UCL, mumzinda wa London. Aphunzitsi ake amuuza kuti kuwonjezera pa magiredi a A Level adzayenera kulemba mayeso apadera oyesa kaganizidwe ndi luso lothetsa mavuto, ndipo amulangiza kuti ayambe kuyeserera ndi mapepala akale a mayeso a kaganizidwe otchedwa TSA (Thinking Skills Assessment). Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mayeso amenewa alibe silabasi yoti munthu n'kuiwerenga kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza. Ife tinakula tikudziwa kuti mayeso amakonzekeredwa powerenga manotsi, ndiye mwana akandifunsa kuti ayambire pati ndikusowa chomuyankha. Ndaonanso makampani amene akulipiritsa ndalama zambiri kuti aphunzitse ana mayeso omwewa. Kodi zimenezi n'zofunikadi? Amene munadutsamo, kapena amene mumaphunzitsa ana a msinkhu umenewu, chonde tithandizeni maganizo.

Nankhoma, Reading:
Amayi, ine ndinalembapo TSA pamene ndinkafunsira malo ku Oxford, choncho ndifotokozeko mmene mayesowo ankayendera mpaka 2025, chaka chomaliza chimene Oxford inawagwiritsa ntchito. Gawo loyamba linali ndi mafunso 50, ndipo funso lililonse linali ndi mayankho asanu oti musankhepo limodzi. Nthawi yake inali mphindi 90, kutanthauza kuti funso limodzi linkakhala ndi mphindi imodzi ndi masekondi 48 basi. Theka la mafunsowo linali la kusanthula mfundo za m'ndime zifupizifupi, theka linalo linali la kuthetsa mavuto a manambala, matebulo ndi zojambula, ndipo mitundu iwiriyi inkabwera mosakanikirana. Kakyuleta sinkaloledwa, dikishonale nayonso sinkaloledwa. Yankho lolakwa silinkachotsetsa malikisi, kotero panalibe chifukwa chosiyira funso losayankha. Malikisi a gawo limeneli ankaperekedwa pa sikelo yoyambira cha pa 0 kufika cha pa 100, ndipo olemba ambiri ankapezeka cha pa 60, pomwe 70 inkatengedwa kuti ndi yapamwamba.

Gawo lachiwiri linali chimangirizo cha mphindi 30, ndipo munkasankha funso limodzi pa mafunso anayi. Si makosi onse amene ankafuna gawo limeneli, koma a PPE ankalilemba. Chimangirizochi sichinkapatsidwa malikisi ngati gawo loyamba, chinkangotumizidwa kwa aphunzitsi a ku koleji imene mwanayo wafunsira kuti achiwerenge okha.

Aphunzitsi Phiri, Lilongwe:
Zimene afotokoza a Nankhoma n'zoona, koma ndiwonjezepo chenjezo limodzi lisanaiwalike. Mayeso olowera ku mayunivesite a ku Britain asintha kwambiri m'zaka zaposachedwapa. Bungwe la Cambridge Assessment Admissions Testing, limene linkayendetsa mayeso ambiri a mtundu umenewu, linasiya ntchitoyo, ndipo mayeso a BMAT a ofuna udokotala analembedwa komaliza mu 2023. Kuyambira 2024 mayeso a Oxford akhala akulembedwa pa kompyuta m'malo olembera a kampani ya Pearson VUE. Panabweranso mayeso atsopano otchedwa TARA, amene UCL inayamba kugwiritsa ntchito mu 2025, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la UAT-UK limene linakhazikitsidwa ndi Cambridge ndi Imperial College London. TARA ili ndi magawo atatu a mphindi 40 lililonse: kusanthula mfundo, kuthetsa mavuto, ndi kulemba. Choncho mayi Nachisale, mwana wanu atsegule tsamba la kosi imene akufuna pa webusaiti ya yunivesite iliyonse, aone dzina la mayeso amene akufunika m'chaka chimene iyeyo akufunsira malo, osadalira zimene anachita amene anamutsogolera. Chosangalatsa n'chakuti luso limene likuyesedwa ndi lomwelo, ndiye mapepala akale a TSA amene aphunzitsi ake amuuza ndi othandiza ngakhale dzina la mayeso litakhala lina.

Agogo Banda, Zomba:
Ndawerenga zonsezi ndipo zandikumbutsa mayeso olowera ku University of Malawi amene ankalembedwa kale munthu akakhoza MSCE, asanathetsedwe. Munali luso la chiyankhulo, luso la manambala ndi luso la kaganizidwe. Maganizo anga pa nkhani imeneyi sanasinthe kuyambira nthawi imeneyo. Mayeso oterewa amayesa nzeru zimene munthu ali nazo kale, ndipo nzeru zimenezo sizibwera chifukwa choti wakhala pansi ndi mapepala miyezi itatu. Mwana wa nzeru adzakhoza, wopanda mphatso imeneyo sadzakhoza ngakhale mutamugulira mabuku onse. Ine ndikanati mwana aike mphamvu zake pa A Level, pakuti Oxford imafuna AAA, kutanthauza giredi ya A pa maphunziro atatu, pa kosi imeneyi, ndipo magirediwo ndi amene angathe kuwasintha ndi khama lake. Mayeso a kaganizidwewa akangolowamo ndi mutu wopuma bwino.

Aphunzitsi Phiri, Lilongwe:
Agogo, pa za kusataya A Level ndikugwirizana nanu kotheratu, koma pa mfundo yoti mayesowa sakonzekereka ndiloleni ndisiyane nanu mwaulemu. Ndimaphunzitsa masamu, ndipo ana amene ndimawaona akulephera mafunso a kuthetsa mavuto si opanda nzeru ayi. Masamu amene amafunika ndi ochepa kwambiri: kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, maperesenti, tizigawo, avereji, nthawi ndi mtunda. Mwana wa Fomu 2 amawadziwa onsewa. Vuto limakhala lakuti funso silikuuzani njira yoti mutsate, ndipo mwa mayankho asanu aja mumakhala limodzi limene laikidwa dala kuti likope munthu wothamangira.

Ndipereke chitsanzo chimene ndimapatsa ophunzira anga. Galimoto yayenda ulendo wa makilomita 60 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo pobwerera yayenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Kodi avereji ya liwiro pa ulendo wonse ndi chiyani? Ambiri amawonkhetsa 60 ndi 30 n'kugawa pawiri, n'kupeza 45, ndipo 45 ameneyo amakhala alipo pa mayankho. Koma popita galimoto yatenga ola limodzi, pobwerera yatenga maola awiri, ndiye yayenda makilomita 120 m'maola atatu, kutanthauza 40. China ndi ichi: sitolo yakweza mtengo wa katundu ndi 25 peresenti, kenako yautsitsa ndi 20 peresenti. Wothamangira amati mtengo wakwera ndi 5 peresenti, pomwe ukayesa ndi K1,000 umapeza kuti wafika K1,250, ndipo 20 peresenti ya K1,250 ndi K250, choncho mtengo wabwerera pomwe unali. Mwana akagwa mumsampha woterewu kamodzi n'kuuzindikira bwino, sagwamonso, ndipo kumeneko ndiko kukonzekera kumene ndikunena. Nzeru zake sizinachuluke, koma wayamba kudzifunsa kuti peresentiyi ndi ya chiyani, averejiyi ndi ya chiyani, asanathamangire kuyankha.

Tembo, Chipata:
Aphunzitsi, mafunso a manambalawo ndawamva, pakuti yankho lake ndi limodzi ndipo munthu angathe kulitsimikiza. Chimene sindikumvetsa ndi mbali inayo ya kusanthula mfundo. Maganizo a anthu amasiyana, ndiye zingatheke bwanji kuti funso la maganizo likhale ndi yankho limodzi lolondola?

Nankhoma, Reading:
Abambo Tembo, funso lanu lafika pa chimake cha nkhani yonse. Mafunso amenewa safunsa maganizo anu pa mutu umene ukukambidwa. Amakupatsani ndime imene wolemba wake akufuna kuti muvomereze mfundo inayake, n'kukufunsani za kamangidwe ka ndimeyo. Mitundu ya mafunso ake imabwerezabwereza chaka ndi chaka: kupeza mfundo yaikulu imene wolemba akufuna kuti tivomereze, kupeza chimene tinganene motsimikiza kuchokera pa zomwe zalembedwa, kupeza chinthu chimene wolemba wachidalira koma osachitchula, kuona umboni watsopano umene ungalimbikitse kapena kufooketsa mfundoyo, kupeza cholakwika m'kaganizidwe kake, kupeza ndime ina yomangidwa mofanana ndi yoyambayo, ndi kugwiritsa ntchito lamulo la m'ndimeyo pa nkhani ina.

Ndiyesere kupeka chitsanzo. Wina walemba kuti: "Ana amene amadya m'mawa asanapite kusukulu amakhoza bwino kuposa ana amene amapita osadya. Choncho boma likamagawa phala m'sukulu zonse, zotsatira za mayeso zidzakwera." Funso likhoza kukhala loti cholakwika m'kaganizidwe kameneka n'chiyani. Yankho lake ndi lakuti wolembayo waona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi n'kugamula kuti china chikuyambitsa chinzake. Zingatheke kuti ana amene amadya m'mawa amachokera m'mabanja opezako bwino, momwe mulinso nyale yowerengera, mabuku ndi makolo otha kuwathandiza, ndipo mwina zimenezo n'zimene zikuwakhozetsa.

Agogo Banda, Zomba:
Apa ndiye ndikukana, mwana wanga. Ndagwira ntchito m'sukulu za pulayimale zaka zambiri, ndipo ndikudziwa ndi maso anga kuti mwana wa njala samva za m'kalasi. Phala la m'sukulu limathandiza, ndipo aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa ana a Sitandade 1 nthawi ya njala angachitire umboni. Ngati mayesowa akuphunzitsa ana kunena kuti mfundo yoona ndi yolakwika, ndiye kuti akuwasocheretsa.

Nankhoma, Reading:
Agogo, zimene mwanena za phala sindikuzitsutsa ngakhale pang'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zoona. Koma taonani chimene chachitika. Inu mwabweretsa umboni wanu, wa zaka zimene munaphunzitsa, ndipo umboni umenewo ndi wamphamvu kuposa umene uli m'ndime ija. Wolemba ndimeyo sanatchule zimenezo. Iye wapereka chifukwa chimodzi chokha, ndipo funso likufuna kudziwa ngati chifukwa chimenecho pachokha chikukwanira kutifikitsa pa mfundo yake. Mfundo ikhoza kukhala yoona koma njira imene munthu wafikirapo n'kukhala yofooka. Olemba mafunso amadziwa kuti tikagwirizana ndi mfundo sitiyang'anitsitsa zifukwa zake, choncho kawirikawiri amasankha dala mitu imene anthu ali nayo kale mbali, monga kusuta, chilengedwe, misonkho ndi zilango za kusukulu. Luso limene mwana wa mayi Nachisale ayenera kulizolowera ndi loika pambali kwa kanthawi zimene akudziwa ndi zimene amakhulupirira, n'kuweruza zokhazo zimene zili pa pepala. Kwa ine chimenechi ndicho chinali chovuta kuposa zonse, ndipo ndicho chimene chinandithandiza kwambiri m'maphunziro a filosofi pambuyo pake.

Agogo Banda, Zomba:
Kusiyanitsa kumeneko ndakumva, ndipo ndikuvomereza kuti n'chinthu chimene munthu angaphunzitsidwe. Komabe ndidakali pa mfundo yanga yoti miyezi yochepa siingalowe m'malo mwa zaka zimene mwana wakhala akuwerenga ndi kutsutsana ndi anzake. Mwana amene sanazolowere kuwerenga adzavutika basi.

Aphunzitsi Phiri, Lilongwe:
Pamenepo ndiye tagwirizana, agogo, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuti mwanayu akuyamba ali mu Year 12. Ndiwonjezepo njira ziwiri zimene ophunzira anga amapindula nazo pa mafunso a ndime.

Yoyamba ndi ya kupeza mfundo yaikulu. Ana ambiri amaganiza kuti mfundo yaikulu ndi chiganizo chomaliza, pomwe ikhoza kukhala koyambirira kapena pakati, ndipo nthawi zina ndime imakhala ndi mfundo yaing'ono imene ikuthandizira yaikuluyo. Mukakayikira pakati pa ziganizo ziwiri, ikani mawu oti "choncho" pakati pake, muyese mbali zonse ziwiri. Chiganizo chimene chikumveka bwino chikabwera pambuyo pa "choncho" ndicho mfundo, chinacho ndi chifukwa.

Yachiwiri ndi ya kupeza chimene wolemba wadalira osachitchula. Tiyerekeze kuti wina walemba kuti: "Laibulale ya koleji imatseka 5 koloko madzulo, pomwe ophunzira ambiri amakhala ali ku ntchito masana. Tikamaitseka 10 koloko usiku, ophunzira ambiri adzayamba kuigwiritsa ntchito." Tengani yankho lililonse mwa asanu aja, mulitembenuze kuti likhale lokana, muone ngati ndimeyo ikuimabe. Yankho lina likhoza kunena kuti laibulaleyo ili ndi mabuku atsopano. Mukalikana, n'kunena kuti ilibe mabuku atsopano, mfundo ya wolemba ikhoza kuimabe, pakuti anthu amawerenganso mabuku akale. Yankho lina likhoza kunena kuti ophunzirawo akaweruka ku ntchito angathe kufika ku laibulale madzulo. Mukalikana limeneli, n'kunena kuti sangathe kufikako, ndime yonse yagwa. Limenelo ndilo yankho. Njira imeneyi imadya nthawi poyamba, koma mwana akaizolowera amaichita mumtima m'masekondi ochepa.

Pa mafunso ofananitsa kamangidwe ka ndime, ndimawauza kuti achotse nkhani yonse atsale ndi mafupa ake. Munthu akati aliyense wokhala ku Blantyre ali m'chigawo cha kummwera, uyu ali m'chigawo cha kummwera, choncho amakhala ku Blantyre, walakwitsa chifukwa munthuyo akhoza kukhala ali ku Mulanje kapena ku Nsanje. Kulakwitsa komweko kukhoza kubwera m'ndime yokamba za mankhwala kapena za ndale, ndipo mwana amene wazolowera kulemba kuti A aliyense ndi B, uyu ndi B, choncho ndi A, adzakuzindikira mwamsanga.

Mbewe, Cape Town:
Ndiloleni ndibweretse mbali ina imene sitinaikhudze, ya chiyankhulo. Kuno ku South Africa mayunivesite ena amafuna mayeso olowera otchedwa NBT (National Benchmark Tests), omwe ali ndi pepala la AQL loyesa kumvetsa zowerenga ndi kugwiritsa ntchito manambala, ndi pepala lina la masamu. Ndakhala ndikuthandiza ana a abale athu ochokera kumudzi amene amalemba mayeso amenewa, ndipo chimene ndaona n'chakuti kaganizidwe kawo n'kabwino, koma liwiro la kuwerenga Chingerezi ndi limene limawagwetsa. Mwana amawerenga ndime kawiri kapena katatu kuti aimvetse, ndipo akamamaliza nthawi ya funsolo yatha kale. Timawu ting'onoting'ono ndi timene timasintha yankho: kusiyana kwa "ena", "ambiri" ndi "onse", kapena kwa chinthu chimene chingachitike ndi chimene chidzachitikadi. Yankho lokopa nthawi zambiri limanena zofanana ndi za m'ndime koma mokokomeza pang'ono. Ndime ikati madalaivala ena achinyamata amathamangitsa galimoto, yankho lokopalo limati madalaivala achinyamata amathamangitsa galimoto, ndipo wowerenga mothamanga saona kuti mawu amodzi achotsedwapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa masekondi ochepa kumatheka kwa yekhayo amene amawerenga mosavutika. Mwana wa mayi Nachisale wakulira ku Britain, mwina vuto limeneli silimukhudza kwambiri, koma kwa amene akuwerenga zokambirana zino ali ku Malawi kapena ku Zambia, ndikulangiza kuti tsiku lililonse aziwerenga nkhani imodzi ya maganizo m'nyuzipepala yolembedwa bwino, kenako anene m'chiganizo chimodzi chimene wolembayo akufuna kuti tivomereze ndi zifukwa zimene wapereka.

Nachisale, Manchester:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mayankho anu pamodzi ndi mwanayo. Iye akufunsa kuti mapepala akalewo aziwagwiritsa ntchito motani, chifukwa anayesa limodzi ndipo nthawi inamuthera asanafike kumapeto. Funso langa la makampani olipiritsa lija lidakalipo.

Nankhoma, Reading:
Amayi, muuzeni mng'ono wangayo asataye mtima, pakuti kutheredwa nthawi pa pepala loyamba kumachitikira pafupifupi aliyense. Mapepala oyambirira alembe osayang'ana wotchi, cholinga chikhale kudziwa mitundu ya mafunso ndi kupeza yankho lolondola ngakhale zitatenga nthawi yaitali. Akatero ayambe kudziikira nthawi pa mafunso khumi khumi, ndipo mapepala athunthu a mphindi 90 awasungire miyezi yomaliza. Asawamalize onse msanga, chifukwa pepala limene waliona kale silingamuuzenso zoona za pomwe wafika.

Ntchito yaikulu imayamba akamaliza kuchonga. Pa funso lililonse limene walakwa, komanso limene wakhoza mongolota, alembe m'kope chifukwa chake: kodi sanawerenge bwino funso, kodi analakwitsa powerengera, kodi anasankha njira yaitali, kapena anakopeka ndi yankho lokokomeza? Pakapita milungu ingapo adzaona kuti zolakwa zake si zamitundumitundu monga ankaganizira, ndi ziwiri kapena zitatu zimene zikungobwerezeka. Kuunikanso pepala kumatenga nthawi yofanana ndi kulilemba, mwinanso kuposerapo, ndipo mwana amene amangolemba mapepala ambiri n'kumawerenga malikisi okha sapita patsogolo kwenikweni.

Pa za nthawi, aphunzire kusiya funso. Mafunso onse ali ndi malikisi ofanana, ndiye funso la tebulo lalikulu limene lingamudyere mphindi zisanu likumulanda mafunso awiri osavuta amene ali kutsogolo. Akaona kuti padutsa mphindi ziwiri njira isanaoneke, asankhe yankho limene likuoneka lotheka, aliike chizindikiro, apitirire, adzabwererenso nthawi ikatsala. Pa mafunso a matebulo ndi ndandanda za nthawi, ayambe wawerenga funso lenilenilo asanayang'ane manambala, chifukwa ambiri mwa manambalawo aikidwapo kuti aone ngati angathe kusankha ofunika okha. Ayesererenso pa kompyuta, pakuti kuwerenga ndime pa sikirini, pomwe sungathe kudula mzere kunsi kwa mawu ndi pensulo, n'kosiyana ndi kuwerenga pa pepala.

Aphunzitsi Phiri, Lilongwe:
Pa funso la makampani, mayi, maganizo anga ndi akuti musathamangire kulipira. Mapepala akale ndi mayankho ake, komanso chikalata chofotokoza mitundu ya mafunso, zakhala zikupezeka mwaulere pa intaneti kuchokera kwa eni mayeso, ndipo mafunso amene anatulukadi pa mayeso ndi abwino kuposa opekedwa ndi makampani, omwe nthawi zina amakhala ndi mayankho awiri ooneka olondola n'kumusokoneza mwana. Mapepala a TSA akatha, gawo loyamba la mapepala akale a BMAT lili ndi mafunso a mtundu womwewu. Palinso phunziro la Thinking Skills la Cambridge International pa A Level, la nambala 9694, limene mapepala ake amakhudza kuthetsa mavuto ndi kusanthula mfundo, ngakhale kafunsidwe kake n'kosiyanako. Chimene mphunzitsi wolipidwa angapereke, chomwe pepala silingapereke, ndi munthu womumvetsera mwana akamafotokoza mmene waganizira. Koma zimenezo mukhoza kuchita inuyo. Simukuyenera kudziwa yankho. Mungomuuza kuti akufotokozereni mokweza chifukwa chimene wasankhira yankho lachitatu n'kusiya lachinayi, ndipo nthawi zambiri adzadzigwira yekha pakati pa kufotokozako. Ngati ali ndi mnzake wa kusukulu amene akukonzekeranso mayeso omwewa, kukangana kwawo pa funso limodzi n'kopindulitsa kwambiri. Ndalamazo mungaziganizire pokhapokha patapita miyezi mwana akulakwabe mtundu umodzi wa mafunso ndipo palibe amene akutha kumufotokozera.

Chinanso, popeza kakyuleta siiloledwa, ayambirenso kuwerengera pamtima ndi pa pepala. Ana a A Level ambiri anazolowera makina moti kuchulukitsa 17 ndi 24 kumawatengera nthawi. Azidziwa pamtima kuti gawo limodzi la magawo asanu ndi atatu ndi 12.5 peresenti, ndipo aziyamba wayerekeza kukula kwa yankho, chifukwa kuyerekezako kokha kumachotsa mayankho awiri kapena atatu asanayambe n'kuwerengera komwe.

Tembo, Chipata:
Nanga chimangirizo chija? M'mphindi 30 kapena 40 munthu angalembe chiyani chanzeru pa mutu umene sanauyembekezere?

Nankhoma, Reading:
Abambo, owerenga chimangirizocho amadziwa kuti nthawi ndi yochepa, ndipo sayembekezera kuti mwana aonetse kuti amadziwa zambiri. Mafunso ake amakhala oti munthu aliyense woganiza angayankhe, monga za ufulu, chilungamo, ntchito ya boma kapena sayansi. Chimene amafuna kuona ndi chakuti mwana wayankha funso lomwe lafunsidwa, watenga mbali momveka, wapereka zifukwa ziwiri kapena zitatu zolumikizana bwino, ndipo wayang'anizana ndi mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali inayo m'malo moizemba. Mphindi zisanu zoyambirira azigwiritse ntchito posankha funso ndi kukonza mfundo, chifukwa amene amayamba kulemba nthawi yomweyo amasintha maganizo ali pakati n'kutsala ndi chimangirizo chodzitsutsa chokha. Chofooka chimene ndimachiona kwa ana ambiri ochita bwino kusukulu n'chakuti amaopa kutenga mbali, ndiye amandandalika ubwino ndi kuipa kwa chinthu n'kumaliza ndi mawu oti zimatengera mmene munthu akuonera. Chimangirizo choterocho sichiuza wowerenga kanthu za kaganizidwe ka mwanayo. Akalemba choyeserera, achiwerenge ndi maso omwe aja a gawo loyamba, adzifunse kuti mfundo yake yaikulu ili pati ndipo wadalira chiyani chimene sanachitchule.

Mbewe, Cape Town:
Ndikumbutse za kalembera, chifukwa mwana akhoza kukonzekera bwino n'kulephera kulowa m'chipinda cha mayeso. Kufunsira malo kudzera ku UCAS, bungwe limene limalandira makalata ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, si kulembetsa mayeso, ziwirizi zimachitika padera. Tsiku lomaliza la UCAS kwa ofuna Oxford ndi Cambridge ndi 15 Okutobala, koma kulembetsa mayeso kumatsekedwa tsiku limenelo lisanafike, ndipo mayesowo amalembedwa mwezi womwewo wa Okutobala. Malo olembera amadzaza, choncho kalembera akangotsegulidwa asungitse malo. Ngati mwana ali ndi vuto limene limamupatsa nthawi yowonjezera pa mayeso a kusukulu, pempho lake limafuna zikalata ndipo liyenera kupita msanga kuposa pamenepo. Dzina limene walembetsa lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chimene adzaonetse pakhomo.

Aphunzitsi Phiri, Lilongwe:
Kwa makolo amene ali kuno kumudzi ndipo akutsatira nkhaniyi ndi chidwi, dziwani kuti Oxford imafuna A Level, IB (International Baccalaureate) kapena maphunziro ena ofanana nawo, ndipo MSCE payokha siikwanira. Njira imeneyi imakhudza kwambiri ana a sukulu monga Kamuzu Academy ku Kasungu ndi Saint Andrew's ku Blantyre, kumene amalemba A Level, kapena Bishop Mackenzie kuno ku Lilongwe, kumene amachita IB. Mwana woteroyo ayang'ane msanga malo olembera amene ali pafupi naye ndi mtunda umene adzayende, ndipo pasipoti yake ikhale yokonzeka kalembera asanayambe. Komabe mafunso enieniwo sindingawasungire ana a sukulu zimenezi okha. Ndimawapatsanso ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ndimawathandiza Loweruka, mafunso awiri kapena atatu pa sabata, ndipo ndimaona kusintha pa mmene amawerengera mafunso a masamu a nkhani komanso ndime za Chingerezi. Mayi Nachisale, mwana wanu akalemba pepala lotsatira, atitumizire pano mafunso atatu amene amuvuta kwambiri pamodzi ndi yankho limene anasankha komanso chifukwa chake, kuti ine ndi a Nankhoma tione pamene kaganizidwe kake kakupatukira.